Basiya Imene Ndinapita Nayo ku Dabeni

Kwathu kuno ku Lifidzi, chiwiya chachikulu chochapiramo chija timachitcha basiya. Anzathu a ku Dedza amene amabwera kudzagula kachewere amati beseni. Ine ndinakula ndi mawu onse awiri, chifukwa amayi anandiberekera ku Malawi kothawa nkhondo, ndipo tinabwerera kuno nditangoyamba kuyenda. Nditakula ndinkagulitsa kachewere pamsika wa ku Ulongwe, muyeso wake basiya. Munthu akanandifunsa nthawi imeneyo ngati mawuwa ndikuwadziwa, ndikanamuseka.

Ndinakwatiwa ndili mtsikana, ndipo mimba yoyamba sinachedwe. Matenda atayamba, azimayi akuluakulu anati tidikire, mwana woyamba sachita changu. Tinadikiradi. Pamene ankandikweza pa ngolo kupita kuchipatala, zinthu zinali zitaipa kale. Mwanayo sanalire.

Tsiku lotuluka, namwino wina wochokera kumwera, amene sankadziwa Chinyanja, anakhala pabedi langa n’kundigwira dzanja. Analankhula Chipwitikizi chambiri, mofatsa, akubwerezabwereza. Ine sukulu ndinalekera panjira, ndiye ndinangotolapo mawu awiri: basiya, ndi pikena, kutanthauza yaing’ono. Ankalankhula akuloza chapansi, ndipo pansi pa bedi panali kabasiya kanga kofiira, kamene mayi aliyense amauzidwa kuti atenge popita kukachira. Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinati m’mtima, mwana wanga wapita, ndiye akundinenanso kuti ndinabwera ndi kabasiya kosakwanira.

Nditapeza mphamvu ndinapita ku Ulongwe n’kukagula basiya yaikulu kuposa zonse zimene zinali pamsika, yobiriwira, yoti mwana wa mbuzi akhoza kusambiramo. Ndinati ulendo wina asadzandinenenso. Koma ulendo winawo sunabwere. Mwamuna wanga anayamba kugona kwina, kenaka anatenga mkazi wina, ine n’kubwerera kwa amayi ndi basiya yanga pamutu.

Ndinakhala choncho mpaka pamene msuweni wanga Rozita anaimba telefoni. Iyeyu anali atapita kale ku Joni, mumzinda wa m’mphepete mwa nyanja yamchere wotchedwa Dabeni. Mawu ankadukaduka, koma ndinamva bwinobwino akuti, “Bwera, m’bale wanga, usamangodzikhalira ngati wamasiye. Ntchito ilipo ku Beseni. Ndakulankhulira kale.”

“Ku beseni?”

“Eee, ku Beseni. Ine ndili komweko.”

Ndinauza amayi kuti kunja kuja nakonso amagulitsa pa beseni, ndipo Rozita wandipezera malo. Amayi anaganiza pang’ono, n’kunena kuti, “Ndiye utenge yakoyo. Usakabwereke kwa eni dziko, angakunyoze.” Anandithiramo ufa, nyemba, makapulana awiri, zitenje za kwathu kuno, ndi chipande, n’kumanga pamwamba ndi thumba. Abambo anandinyamulira panjinga mpaka pokwerera shapa, minibasi za kwathu kuno. Sanali munthu wolankhula zambiri. Anangoti, “Kukakuvuta, njira ndi yomweyi.”

Basiya ija inavutitsa anthu njira yonse. Mu shapa ya ku Tete ndinaiyika pamiyendo, ndipo bambo amene ndinakhala naye pafupi anayenda ulendo wonse khosi litapindika. Mu basi yaikulu kondakitala anafuna kuikana, kenaka anaimangirira pangolo yakumbuyo. Pamalire paliponse asilikali ankaimasula, kusanthula nyemba zanga ndi chala, n’kundiyang’ana ngati wozungulira mutu. Mayi wina wa ku Malawi anandifunsa kuti, “Kodi mwamva kuti ku Joni kulibe mabeseni?” Ndinamuyankha monyada kuti imeneyi ndi yantchito.

Rozita atandiona ndikutsika nayo pamutu, anakhala pansi pasiteshoni pomwepo, anthu akudutsa. Anaseka mpaka misozi. Ine ndaima, sindikudziwa cholakwa. Atapezako mpweya anati, “Tiye, mawa ukaliona beseni lako.”

M’mawa mwake ananditengera kudoko. Ndinali ndisanaonepo nyanja yamchere. Tinadutsa pachipata, kuzungulira nyumba zazikulu zamalata, n’kutulukira pamalo pamene madzi analowa kumtunda, atatchingidwa ndi makoma a simenti mbali zitatu. M’katimo munali zombo zophera nsomba zitaima phee, mbalame zoyera zikulira pamwamba. Rozita anatambasula dzanja. “Ili ndiye Beseni. Azungu amatero chifukwa madzi ake amakhala bata ngati a m’beseni, mafunde salowa. Kachewere wako uthira pati?”

Ndinaseka nanenso. Dziwe lake linali lalikulu kuposa minda yonse ya m’mudzi mwathu.

Ntchito inali yotumbula nsomba ndi kuziika m’mabokosi a madzi oundana. Anatipatsa majombo amphira, malaya apulasitiki ndi mpeni. Ine ndine mwana wa ku Angoniya, kuzizira kwa mwezi wa Juni ndimakudziwa, koma kuzizira kwa m’nyumba imene ija kunali kwina. Zala zinkauma mpaka osamva kuti wadzicheka. Fungo la nsomba silinkachoka ngakhale usambe ndi sopo wanji, ndipo m’minibasi anthu ankatsegula mawindo tikangolowa. Masiku oyamba ndinkalira m’chimbudzi. Kenaka manja anazolowera, mpeni unayamba kuyenda wokha, ndipo kapitawo wa Chimwenye anasiya kuima kumbuyo kwanga.

Tinkagona anayi m’chipinda chimodzi, pamwamba pa sitolo ya matayala: ine, Rozita, mtsikana wa ku Zimbabwe amene ankaimba nyimbo za kutchalitchi pochapa, ndi mana Selesite, ndiko kuti achemwali Selesite, mayi wamkulu wa ku Inyambane, wonenepa, wa mawu ngati a mwamuna. Tinkamvana ndi chilankhulo chathuchathu, Chizulu pang’ono, Chipwitikizi pang’ono, kwinako manja. Basiya imene anaiseka ija inasanduka mfumu ya m’chipindamo. Tinkachapiramo, kusambiramo, kukandiramo ufa wa mandasi. Denga likadontha inkagona pakati pathu. Pa Khirisimasi tinkabweretsa madzi oundana kuntchito n’kuikamo zakumwa, anthu a zipinda zina n’kumabwera kudzagogoda kuti aikemo zawo. Rozita ankati, “Munkamuseka m’bale wanga. Lero bwanji?” Ngati kuti woyamba kuseka sanali iyeyo.

Ndalama ndinkatumiza kumudzi mwezi ukatha. Amayi anagula malata, kenaka ng’ombe yaikazi, ndipo mlongo wanga wamng’ono anapitiriza sukulu ku Ulongwe. Poimba telefoni amayi ankakuwa ngati ndili kutsidya kwa dambo. Sankalephera kufunsa kuti, “Nanga malonda a pa beseni akuyenda?” Ndinayesa kuwafotokozera za doko, koma anakana kumva. Kwa iwo ndinali pamsika.

Panalinso masiku oipa, pamene anyamata a m’tauni ankayenda ndi zibonga kusaka alendo. Tinakhala m’chipinda osatuluka, ndipo mayi wa Chizulu amene tinkagwira naye ntchito ndiye ankatibweretsera buledi atabisa m’thumba la zovala. Zinadutsa. Sindikonda kuzikumbuka, koma mayi uja ndimamukumbuka.

A Zakariya ndinakumana nawo chifukwa cha bokosi la nsomba limene linandigwera paphazi. Ndinakuwa kuti, “Mayo ine, chala changa!” Ndiye ndinamva mawu kuchokera pamwamba pa chombo: “Pepani, mayi. Chathyoka kapena changotupa?”

Ndinaiwala ululu. Chinyanja chake chinali cha kwathu kwenikweni, chokoka mawu ngati cha anthu a kumapiri. Anatsika munthu wamfupi, galasi lowotcherera zitsulo lili pamphumi.

“Kwanu n’kuti?” ndinafunsa.

“Kufupi ndi Fonte Bowa. Inu?”

“Ku Lifidzi.”

“Aaa! Ndiye mwadzatani kuno, kusiya kachewere akuola?”

Kuyambira tsikulo ankapezeka pachipata nthawi yoweruka, ati akudikira mnzawo. Mnzawoyo sindinamuonepo. Lamulungu lina anandiperekeza kumchenga wa kunyanja, ndipo Rozita, amene anatitsatira ngati mlonda, anawafotokozera nkhani ya basiya yanga ya m’basi. Anaseka, kenaka anati, “Musadandaule, inenso mabasiya akhala akunditsata. Ndisanabwere kuno ndinkawotcherera ku migodi ya malasha ku Mowatize. Akuluakulu a kumeneko dera lonse lija ankalitcha basiya, ati nthaka inalowa pansi ngati mbale ndipo malasha anakhazikika m’katimo. Ndinatuluka m’basiya yakuda n’kudzagwera mu ya madzi.”

“Ndiye mwatsala ndi yobiriwira,” anatero Rozita. Ndinamutsina, koma mawu anali atatuluka kale.

Tinachita zonse mwadongosolo ngakhale tinali kutali. Amalume awo anayenda panjinga kuchokera ku Fonte Bowa kukaonekera kwa amalume anga, ife tikumvera pa telefoni. Tinapeza kachipinda kathu, koma basiya anzanga anakana kuti ichoke. Mana Selesite anati, “Mwamuna tenga, basiya siya.”

Nditazindikira kuti ndili ndi pakati, chimwemwe changa chinali cha tsiku limodzi. Kenaka mantha anandigwira. Ndinkangoona ngolo ija, ndi kachinthu kokutidwa m’kapulana kamene sanandilole kukaona nkhope. Chakudya chinkandikanika. A Zakariya ankandinyengerera, koma sindinkatha kuwauza chimene ndinkaopa, chifukwa nanenso sindinkadziwa chimene chinalakwika ulendo woyamba. Kuchipatala ndinkazengereza kupita. Ndinkati akandilankhulanso zinthu zimene sindimva.

Lamulungu lina masana ndinapita kwa anzanga kukalukitsa tsitsi. Ndinakhala pansi pakati pa miyendo ya mana Selesite, basiya ili pambali pathu ndi zovala zonyika. Akundiluka anandifunsa kuti, “Koma iwe, chinthu chachikulu chonchi unagulira chiyani? Unali ndi ana khumi?”

Sindinali nditauzapo munthu aliyense, ngakhale Rozita. Tsiku limenelo zinangotuluka. Ndinafotokoza za mwana uja, za namwino, za kabasiya kofiira. Manja a mana Selesite anaima m’mutu mwanga.

“Anati chiyani? Bwereza mawu ake.”

“Basiya pikena.”

“Akuloza kuti?”

“Pansi. Kumene kunali kabasiya.”

Ananditembenuza kuti tiyang’anane. Kenaka anaika manja ake awiri m’chiuno mwanga, pa mafupa, n’kukanikiza. “Mwana wanga, basiya ndi iyi. M’Chipwitikizi mafupa awa a m’chiuno, mmene mwana amakhalamo ndi kudutsamo, amatchedwanso basiya. Namwino uja sankanena za pulasitiki. Ankakuuza kuti njira yako ndi yopapatiza, ulendo wina usadzadikire kumudzi, udzapite msanga akakuthandize ndi mpeni.”

Ndinayang’ana basiya yobiriwira ija, zaka zonse zimene ndinayenda nayo, malire onse amene inawoloka. Sindikudziwa chimene chinayamba, kulira kapena kuseka. Ndinagwa chagada pa simenti tsitsi lili loluka mbali imodzi, ndikuseka misozi ikulowa m’makutu. Rozita ankalira osaseka. Ankangoti, “Bwanji sunanene? Bwanji sunanene?” Mtsikana wa ku Zimbabwe, amene sanamve bwino nkhaniyo, anayamba pemphero.

Chimene chinandipeputsa mtima n’chakuti namwino uja sankandinyoza. Zaka zonsezo ndinkamukumbuka ngati munthu wouma mtima, pamene iye anakhala pabedi langa kuyesetsa kupulumutsa mwana amene anali asanabwere n’komwe.

M’mawa mwake mana Selesite sanapite kuntchito. Anandigwira dzanja ngati mwana mpaka kuchipatala, n’kukafotokoza zonse m’Chizulu chake chothyokathyoka, mokweza, mpaka odwala ena anatembenuka. Adokotala anandiyeza, anafunsa za ulendo woyamba, n’kunena kuti sadzadikira kuti matenda ayambe. Anandiuza tsiku loti ndidzabwere. A Zakariya atamva anangokhala pampando, chipewa chili m’manja, n’kunena kuti, “Ndiye tikanakhala osadziwa?” Kuyambira pamenepo sanandilole kunyamula ngakhale ketulo.

Tsikulo litafika anandibaya jakisoni kumsana, n’kutchinga nsalu pachifuwa kuti ndisaone. Ndinali maso. Ndinkamva akukoka, akulankhulana, zitsulo zikugundana. Ndinkapemphera mawu amodzimodzi, alire, alire. Ndiye analira. Mawu ake anali aukali ngati a munthu amene amulanda malo. Namwino anamubweretsa pafupi ndi tsaya langa, wofiira, wamakwinya, atakwiya kwambiri, ndipo ndinamuuza m’Chinyanja kuti, “Lira, mayi, lira, usaleke.”

Tinamutcha Luwiza. Kusamba kwake koyamba kunyumba kunali m’basiya yobiriwira, imene anzanga anaibweretsa okha atakwera nayo minibasi. Mwanayo ankaoneka ngati nyemba imodzi m’mbale. Azimayi atatu anagwada mozungulira akukangana za kutentha kwa madzi, aliyense m’chilankhulo chake. Titamaliza mana Selesite anakhuthula madzi, n’kuitenganso. Ndinamva kuti ikadali komweko pamwamba pa sitolo ya matayala, yasweka mbali imodzi ndipo anaisoka ndi waya.

Luwiza anakulira padoko. Masana ankakhala kwa mayi wa Chizulu uja pamodzi ndi adzukulu ake, ndiye lilime lake linagwira Chizulu. Chinyanja ankamva koma poyankha ankayankha m’chawocho. Tinkati adzaphunzira.

Abambo anamwalira ndili konko, ndipo sindinathe kufika pamaliro. Chimenecho ndicho chinatiyambitsa kulankhula zobwerera. A Zakariya nawonso maso anali atayamba kuwavuta ndi moto wowotcherera. Luwiza atatsala pang’ono kuyamba sukulu tinamanga katundu, makina awo owotcherera, ndi mbale zanga, n’kutsanzika. Pasiteshoni mana Selesite sanalire. Anangondimenya paphewa n’kunena kuti, “Pita, usanandikwiyitse.”

Kumudzi ndinapeza zinthu zasuntha. Mlongo wanga amene ndinamusiya akusewera mpira wa mapepala anali ndi ndevu, mkazi ndi njinga yamoto, ndipo ankandilankhula mwaulemu ngati mlendo. Anzanga a pamsika ena anali atamwalira, ena sanandizindikire. Nyumba inali ya malata, khola linali ndi ng’ombe zingapo, koma mpando wa abambo pakhonde unali wopanda munthu. Amayi anali atafupika. Anandikumbatira, kenaka anatambasula manja kwa mdzukulu wawo amene ankangomumva pa telefoni.

Luwiza anathawira kumbuyo kwanga.

Sizinathe tsiku limenelo. Mwanayo ankaopa chilichonse: nkhuku, utsi wa m’khitchini, mdima wa m’chimbudzi. Ankalira kuti akufuna kwawo, akufuna kuona zombo, kukuzizira. Agogo ake akamuyandikira ankatseka maso. Amayi anayesa kumuwotchera chimanga, anayesa kumupatsa mapichesi a pamtengo wa kuseri, iye osalandira. Tsiku lina ndinawapeza atakhala kuseri kwa nkhokwe okha. Anati, “Ndinadikira mwanayu zaka zonsezi. Koma wandibweretsera mlendo. Sindimumva, iyenso sandifuna.” Ndinayamba kudzifunsa ngati tinalakwa kubwerera.

M’mawa wina kunja kuli nkhungu, mlongo wanga ankatulutsa ng’ombe m’khola. Luwiza anali pakhomo atafunda bulangete, ine ndikusesa. Mwana wa ng’ombe wobadwa kumene anatuluka akudzandira, ndipo Luwiza anaiwala mantha, n’kukuwa m’Chizulu akuloza kuti, “Inkomo! Mama, inkomo encane!”

Amayi anali akutuluka m’khitchini ndi chidebe. Anaima.

“Wati chiyani mwanayu?”

“Akuti ng’ombe yaing’ono. N’Chizulu chimenecho.”

“Inkomo,” anabwereza amayi pang’onopang’ono. Anatula chidebe pansi. “Agogo anga aamuna ankatero. Chimenecho si Chingoni?”

Ine ndinkadziwa kuti ndife Angoni monga mmene aliyense kuno amadziwira, pa ngoma ndi pa maliro, koma sindinamvepo amayi akulankhula liwu limodzi la chilankhulocho. Anatseka maso ngati akufufuza chinthu pansi pa thumba lakale. Kenaka anagwada, mawondo akulira, n’kutambasula dzanja limodzi.

“Woza,” anatero, kumuitana kuti abwere. “Woza, mntwana.”

Luwiza anatembenuka. Anayang’ana ine, anayang’ana agogo ake, kukhala ngati akufunsa kuti mayi wokalambayu wakhala akubisa zimenezi bwanji masiku onsewa. Kenaka anayenda, bulangete likukokeka m’matope, n’kukaima patsogolo pawo. Anayamba kuwafotokozera nkhani yaitali, ya ng’ombe, ya zombo, ya mnzake amene anamusiya, zonse m’Chizulu, mofulumira. Amayi sankamva ngakhale theka. Ankangogwedeza mutu n’kumati, “Yebo, yebo,” misozi ikutsika, akuseka ndi mano awo atatu.

Ndinawasiya choncho n’kupitiriza kusesa. Nditatembenukanso anali akupita kukhola atagwirana manja, wina akuti inkomo, wina akuti ng’ombe, aliyense akukonza mnzake.